Masamba Atatu a Pamlongoti

Ndagi: njira yopondedwa m'mawa ndi madzulo, koma simuonamo phazi ngakhale limodzi. Sungani kaye, yankho lili kutsogoloku.

Panali munthu wina, mlembi wa kalabu ya alimi, dzina lake Kachingwe. Bungwe lina linadzaimika mlongoti wa intaneti pabwalo la sukulu ya m'mudzi mwawo, n'kumuuza kuti, "Masamba atatu okha a pa intaneti ndiwo azitsegulidwa mwaulere chaka chonse. Mutilembere amene anthu anu amalowapo kwambiri. Pepala tidzatenga Lachisanu."

Tsikulo linali Lolemba. Mkazi wake anati, "Bambo a Ulemu, bwanji osazungulira kaye m'makomomu kufunsa?"

"Kufunsa? Ine wobadwira pompano? Abambo ndi mpira. Amayi ndi masitayilo a zitenje. Achinyamata ndi nyimbo. Tandipatsa cholembera."

Analemba ali chiimire, tiyi asanazizire n'komwe.

Mlongoti unayamba kugwira ntchito. Achinyamata anabweradi. Koma amayi ankangodutsa pansi pake, makasu paphewa, n'kumakwera kaphiri ka kuseri kwa dipi, posambitsira ng'ombe paja, komwe netiweki yolipira imagwira munthu akakweza foni m'mwamba. Kachingwe zinamuwawa. Anthu otani awa, osiya zaulere pakhomo n'kukalipira kuphiri? Tsiku lina anawatsatira, mawu okalipa ali kale pakamwa.

Anapeza amayi asanu ndi awiri atazungulira foni imodzi yong'aluka galasi. Woigwira anali Nachisale, mayi amene mwana wake anapita ku Joni n'kukhala chete miyezi isanu. Chala chake chinkatsika pang'onopang'ono ngati akusankha nyemba.

"Kodi kuno kuli chiyani chimene kusukulu kulibe?" anafunsa Kachingwe.

"Maina, alembi," anayankha Nachisale osadzutsa mutu. "Pali tsamba limene anzathu a ku Joni amalembapo amene amangidwa, amene ali m'chipatala, amene atisiya. Timaliona m'mawa, timalionanso madzulo. Zitenje zanuzo tikatchenere kuti, pamaliro?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munafunsa ndani?"

Kachingwe anaimbira a bungwe pomwepo. Anamuyankha mwaulemu ndithu kuti pepala linapita kale, kusintha ndi chaka chamawa. Chaka chathunthu cha mvula ndi dzuwa, amayi aja akukwerabe phiri.

Njira ndinakufunsani ija ndi imeneyo. Munthu timamuona nkhope, timamuona chovala, koma kumene mtima wake umapita tsiku ndi tsiku sikutsala mapazi oti tiwerenge. Inu anzanga, akakupatsani pepala loti mulembere anthu ena, yambani mwagogoda pazitseko zawo. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, munthu kulephera kufunsa ngakhale mayi mmodzi! Akulu amati safunsa anadya phula, koma chimene chimandikwiyitsa ine n'chakuti uyu phulalo anadyetsa ena.

Potsika phiri tsiku limenelo, Kachingwe anali kumbuyo kwa onse, chipewa m'manja. Kamtsikana kena, mdzukulu wa Nachisale, kanakoka nsalu ya agogo ake.

"Agogo, dzina la adadi silinatuluke lero. Ndiye kuti ali bwino?"