Chiwindi Chomera m'Chipanda

Kalekale, inu anzanga, nyama zikadayankhula ngati ife, Kambuku anadwala chiwindi. Maso anachita chikasu. Mimba inatupa ngati ng'oma. Wina anamunamiza kuti mankhwala a chiwindi ndi chiwindi chinzake, chachiwisi, cha nyama yofatsa.

Tsiku lina m'mawa anagwira mayi ake a Gwape ali kumunda, n'kuwakweza pamphanda ya mkuyu. Paja akambuku amasunga zawo m'mwamba. Anati awadya mseru ukangomusiya.

Gwape anali namwali wamanyazi. Poyankhula ankayang'ana ziboda zake. Koma tsikulo anathamanga mpaka kwa Buluzi, sing'anga wa pathanthwe, nafotokoza zonse.

"Khala pansi, mwanawe, upume," anatero Buluzi, akumusunthira malo pamthunzi. "Waona mchira wangawu? Ndi wachitatu. M'thupi mwa aliyense muli timbewu tosaoneka, timene sitinasankhe chodzakhala. Ukatiuza mchira, timakhala mchira. Ukatiuza chiwindi, timakhala chiwindi. Tiye, tikaitane Kangaude."

Anapeza Kambuku atagona patsinde pa mkuyu, akubuula.

"A Kambuku," anatero Buluzi, "chiwindi cha mwini chingotsikira m'mimba n'kutuluka. Tiloleni tikumeretsereni chanuchanu."

"Iwe kachokwawa, chiwindi chinasanduka dzungu?" Kambuku anaseka, kenako anatsokomola. "Chabwino. Koma chikakanika, ndidya cha nkhalamba ili m'mwambamo."

Buluzi anaboola fupa la m'chiuno mwa Kambuku ndi munga, natapamo mafuta okhala ndi timbewu tija. Kangaude analuka ukonde m'kati mwa chipanda, chifukwa timbewuti tili ngati nyemba zoyanga: popanda chogwira sitikwera. Buluzi anathiramo mafuta aja, madzi a uchi kuti timbewuto tizidya, ndi dontho la ndulu imene Kambuku ankasanza, kuti tidziwe ntchito yake.

"Chipandachi chizikhala chofunda ndi chotseka masiku makumi awiri," anatero Buluzi. "Ndiponso mumve: fupa lanu n'lodwala. Litipatsa katatu kokha."

Gwape anachifungatira pamimba. Tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri. Tsiku lachitatu Kambuku anamulanda.

"Chinthu changa chikhale pansi, pamene pamadutsa aliyense?"

Anakachipachika m'mwamba. Mwera unaomba, chipanda chinazizira, timbewu tonse tinafa.

"Mwandinamiza!" anakuwa Kambuku, akuyang'ana kumphanda kuja.

"Kwatsala kawiri," anatero Buluzi.

Anaboolanso fupa. Kangaude analukanso. Atamaliza anakwera mkuyu osauza munthu. Gwape anamuona akuyala ulusi wofewa pansi pa miyendo ya mayi aja kuti khungwa lisawasupule, ndipo akuwakokera tinkhuyu pafupi ndi kamwa. Misozi ya Gwape inatsika.

Anafungatiranso chipanda. Masiku asanu. Masiku asanu ndi awiri. Tsiku lakhumi, Gwape atatsikira kumtsinje kukamwa madzi, Kambuku anatsekula chipanda chija. Anaona ukonde utakutidwa ndi kanyama kofiirira, kopyapyala ngati khungu la anyezi.

"Kali ndi litsiro aka," anatero.

Ndiye anachita zimene kambuku aliyense amachita ndi chinthu chake: anakanyambita. Lilime la kambuku ndi tupa, anzanga. Anangoti kamodzi pheee, ukonde unatsala mbee.

Pamenepo anakwiya kwenikweni. Anayamba kukwera mkuyu, zikhadabo zikukanda khungwa. Mayi aja anatsinzina.

"Bambo!"

Onse anatembenuka. Anali Gwape, ndipo ulendo uno sanayang'ane pansi.

"Bambo, kwatsala kamodzi. Koma mimba yanga yokha siyikwanira. Ndikapita kumadzi chipanda chimatsala chokha. Atsitseni amayi tizilandirana."

Kambuku anayang'ana Buluzi. Buluzi anagwedeza mutu, monga abuluzi amachitira.

"Kamtsikana iwe, uli ndi pakamwa eti?" Anawatsitsa mayi aja, n'kuwagoneka pambali pake, phazi lake pakhosi pawo. "Phazi ili silichoka mpaka ndichire. Azifungatira ali pompano."

Buluzi anaboola kachitatu. Munga unatuluka ndi kadontho kamodzi kokha.

"Lauma," anatero. "Kulibenso."

Mwana afungatire, mayi apume. Mayi afungatire, mwana akamwe. Gwape ankabwera ndi madzi m'tsamba, theka la mayi ake, theka la Kambuku, poti naye milomo inali itang'ambika. Kambuku ankamwa osathokoza. Masiku khumi. Masiku khumi ndi asanu. Chipanda chinayamba kulemera. Phazi lija nalo linali kulemera, moti mayi aja ankapuma mobanika.

"Amayi, mukadalipo?" Gwape ankanong'ona.

"Ndilipo, mwanawe. Sunga chipanda, usasunge ine."

Tsiku la makumi awiri, dzuwa litakwera pang'ono, Buluzi anachotsa chotsekera.

Ha! Chiwindi chathunthu, chofiira, chonyezimira, nthunzi ikufuka. Ngakhale Kangaude anaima pa ulusi wake osagwedezeka.

"Gonani chagada," anatero Buluzi. "Ndinole bango langa, ndikung'ambeni pang'ono, tichisokerere m'malo mwake."

Buluzi anatembenukira kumwala. Kwee, kwee, bango likunoledwa. Fungo la chiwindi linafika m'mphuno mwa Kambuku. Mseru uja unachoka. Dovu linayamba kudontha.

"Bambo," anatero Gwape, "ndi chanu chimenecho. Musadye."

"Ndingonunkhiza."

"Bambo, chonde. Palibe china."

"Kansonga kokha."

Anachotsa phazi pakhosi pa mayi aja, natunga chiwindi ndi chikhadabo. Kansonga kanaitana pakati, pakati panaitana chonse. Kwiti!



Kambuku anayang'ana m'chipanda. Anayang'ana mimba yake. "Boolanso!" anakuwa. "Buluzi, boolanso fupa!"

"Ndinakuuzani kuti lauma," anayankha Buluzi, ali kale m'mng'alu wa mwala.

Kambuku anatembenukira kwa mayi aja. Anali ataima, Gwape atawachirikiza ndi phewa. Kambuku analumpha. Koma miyendo ya wodwala siimva ukali wa mwini wake. Anagwa chafufumimba patsogolo pawo, mimba yotupa ija pansi, fumbi kobo.

"Tiyeni, amayi. Pang'onopang'ono."

Sanathamange n'komwe. Anangoyenda, Kambuku akukwawa m'mbuyo mwawo, akuitana, akulonjeza, akutukwana. Pofika kumtsinje mawu ake sankamvekanso. Mvula yoyamba isanagwe, miimba inali itazungulira mkuyu uja.

Nthano yanga yagona pamenepo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione isanapserere. Koma mumve, anzanga: machiritso amamera pang'onopang'ono, ndipo wosadziwa kudikira amadya moyo wake ndi kamwa lake lomwe.