Kobiri la Padenga la Nachisale

Bwana Mpinganjira, mwini esiteti ya fodya, ankasonkhanitsa makobiri akale aja obooka pakati, koma ogulitsa a m'tauni ankangomugwiritsa achinyengo. Atamva kuti wantchito wake Nachisale ali ndi enieni, anamulondola kunyumba.

"Mundipatse onse, apo ayi ntchito yatha!"

"Tengani, bwana," anatero Nachisale, akuloza msomali wa padenga pamwamba pa khomo. Kunsi kwa mutu wa msomaliwo kunali kobiri. "Malemu bambo ankaphatikiza chilichonse chimene anali nacho pokhoma, kuti pasamadonthe. Koma mukazula, malata owolawa atheratu. Ine ndizigona pamvula?"

Bwanayo anayang'ana mizere ya misomali ija n'kumeza malovu. Anagula malata atsopano, nauza akalipentala kuti azikhomeratu akamazula akalewo.

Msomali woyamba unatuluka ndi kobiri. Wachiwiri unatuluka ndi chitsekero cha botolo. Wachitatu chitsekeronso, mpaka denga lonse linatha.

"Mayi inu! Denga lonseli kobiri limodzi lokha?"

Nachisale anaombera m'manja mwaulemu, ataima pamthunzi wa malata onyezimira.

"Koma lenileni, bwana. A m'tauni aja anakupatsanipo ngakhale limodzi?"