Zidindo Ziwiri pa Mulu Umodzi wa Mchenga

Chidindo cha mudzi wa Solcama chinkasungidwa m'khitchini mwa mkulu wa mudziwo, Don Eleodoro Tejerina, m'chitini cha tiyi, pamwamba pa firiji. Ofesi inalipo. Makiyi ake ndiwo anasowa kalekale. Choncho aliyense wofuna kujambula kanema m'chipululu cha mudziwo ankayamba wakhala patebulo la mkazi wake, Doña Ermelinda, kumwa tiyi ndi buledi wa tchizi cha mbuzi, kenako n'kumva malamulo. Boma, ku likulu la dziko ku Santiago, linkanyengerera ojambula powabwezera zina mwa ndalama zawo. Koma mchenga unali wa mudzi. Wopanda chidindo sankaupondamo.

Chuma cha Solcama chinali chimodzi: mulu wa mchenga umene ankautcha La Novia, Mkwatibwi. Wautali kuposa nsanja ya tchalitchi, wosalala ngati tsaya la khanda. Mudzi woyandikana nawo wa Chulacor, kwawo kwa Doña Ermelinda, unalinso ndi mulu wake, koma wamfupi, wopindika msana. Don Eleodoro ankautcha chulu.

Chaka chimenecho kunabwera Doña Maite Undurraga, mkulu wa kanema, mayi wochepa thupi ndi mawu omwe. Kanema wake anali wa mkazi wotera pa dziko limene munthu sanapondepo. A ku Chulacor anamukopa mpaka kumuphera mbuzi. A ku Solcama anachita msonkhano n'kudula malipiro pakati, malinga gulu lonse lidzagone, lidzadye ndi kulemba anthu ntchito m'mudzimo nyengo yozizira yonse. Mayiyo anavomera. Amayi anagula mapoto aakulu. Abambo anapaka laimu zipinda za alendo. Mudzi wonse unayamba kuyenda mothamanga.

"Changa n'chimodzi, Don Eleodoro," anatero Doña Maite akukankhira kapu pambali. "Lolemba m'mawa phazi loyamba pa mchengawo likhale la wosewera wanga. Ngakhale la nkhandwe sindikulifuna."

"Nkhandwe za kuno zimandidziwa, mayi. Zimayamba zapempha."

Anadinda. Mayiyo anabwerera ku tauni ya Calama kukadikira malole ake.

Loweruka kutacha kunafika Froilán Barraza, bambo wa magalasi akuda ndi lilime lopaka uchi. Ankatsogolera anthu ojambula malonda a galimoto. Ankafuna La Novia Loweruka ndi Lamlungu basi: galimoto ikwere, itsike, iwaze mchenga. Malipiro athunthu, osadula. Anaika envelopu patebulo, kenako n'kumuyang'anitsitsa mkuluyo.

"Nkhope imeneyi, bwana wanga, ndiyo chipululu chenicheni. Mudzaime pambali pa galimoto, muyang'ane patali. Dziko lonse likuoneni."

Don Eleodoro anakonza chipewa chimene chinali chitakhala kale bwino.

Doña Ermelinda ankasenda mbatatesi, msana atawafulatira. "Mdala, mkwatibwi mmodzi, akamwini awiri?"

"Wina lero ndi mawa, wina Lolemba. Sakumana."

"Nanga mapazi a matayala?"

"Mphepo ilipo. Imasesa mulu uja madzulo aliwonse chibadwire changa. Ndiye wantchito yekhayo m'mudzi muno wosapempha malipiro."

"Mu Juni? Mu Juni imagona ngati inu mukakhuta. Itanani msonkhano."

"Msonkhano ukayamba Loweruka umatha Lachitatu. Chidindo anandipatsa ine."

"Anakupatsani kuti musunge, osati muzimenya nacho chilichonse cholowa pakhomo."

Don Eleodoro anatsitsa chitini. Anadinda.

Masana galimoto inakwera La Novia. Inakwera, inatsika, inazungulira, inatitimira. Inabwera ina kudzaikoka, nayonso inatitimira. Anthu ovala nsapato zazikulu anayenda ponseponse akukwekwereza zingwe. Don Eleodoro anaima pambali n'kumayeserera kuyang'ana patali mpaka maso anachita misozi. Ojambulawo anamuuza kuti gawo lake lenileni ajambula mawa.

Dzuwa litapendeka, alendo atapita, mkuluyo ananyowetsa chala ndi malovu n'kuchiloza kumwamba. Zii. Mbendera ya pasukulu inali lende pamlongoti. Anadikira. Anaimba likhweru lalitali loitana mphepo, monga ankachitira atate ake popeta tirigu. Anayankha ndi galu.

Lamlungu m'mawa La Novia anaoneka ngati munda wolimidwa ndi munthu woledzera. Ngalande zofika m'maondo. Kunkazizira, koma Don Eleodoro thukuta linali kamukamu. Froilán atafika ndi gulu lake anamupeza ataima pakati pa njira, manja atatambasula.

"Lero ayi."

"Munadinda nokha, bwana wanga."

"Dzanja lomwelo ndilo likukana."

"Galimoto yathu taijambula ikukwera. Ogula afuna aionenso ikutsika. Theka la malonda ndani angaligule? Bwezani zathu. Mchenga sunathere pano."

Envelopu inabwerera m'thumba mmene inachokera. Uchi unali utauma pa lilime. Froilán sanatsanzike, ndipo za nkhope ya chipululu sanazitchulenso.

Anthu potuluka m'tchalitchi anali atamva kale. Mawu okalipa analipo ambiri, nthawi ndiyo inasowa. Anakwera mulu ndi masache, mafosholo ndi mabulangete okoka. Wina anabwera ndi fani yamagetsi osaganiza kuti akailumikiza pati. Koma mchenga suseseka. Ukafufuta phazi limodzi wasiyapo ako awiri. Anatsika chobwerera m'mbuyo, akusesa, akugwa, akutukwana chapansipansi poti linali Lamlungu.

Doña Ermelinda anatsamira tsache lake. "Imbaninso likhweru, mdala. Mwina wantchito wanu ali kumaliro."

Don Eleodoro anasesabe osadzutsa mutu.

Lolemba Doña Maite anafika dzuwa likungosuzumira, malole ali ndondondo pambuyo. Anatsika. Anayang'ana kudzera m'kagalasi kolendewera m'khosi mwake. Kuwala kwa m'mawa sikusunga chinsinsi cha munthu. Tsache lililonse linasiya mizere yake, ndipo pansi pa mizereyo njira za matayala zinkaoneka ngati mitsempha ya pamwendo wa nkhalamba.

"Don Eleodoro, dziko langa limene munthu sanapondepo lili ndi osesa?"

"Mphepo ibwera, mayi. Mawa. Kapena mkuja."

"Malole amenewa amadya ngakhale ataima. Wakwera apa ndani?"

Mkuluyo anayang'ana nsapato zake. "Kagalimoto. Kakang'ono."

Mayiyo sanakweze mawu. Anatulutsa foni. Ku Chulacor anayankha ngati anagona nayo m'manja.

"Chulu chija, mayi?" anatero Don Eleodoro. "Mukasiya Mkwatibwi chifukwa cha chulu?"

"Pa kanema chulu chimakula."

Malole anatembenuka limodzi ndi limodzi. Amayi anaima m'makomo, manja m'chiuno. Fumbi linakwera n'kutsikira pomwepo, poti panalibe cholikankha.

Msonkhano wa tsikulo unali waufupi kuposa ina yonse imene Solcama inachitapo. Palibe anafunsa kawiri. Chidindo chinapita kwa mphunzitsi wamkulu, mayi wosadziwa kuseka, ndipo anagwirizana kuti chisamatsike pa pepala popanda mudzi wonse kukweza manja. Zipinda zopaka laimu zinatsala zikununkhira zokha.

Ku Chulacor alendo anachuluka kuposa ophika. Uthenga unafika kwa Doña Ermelinda, mwana wa kumeneko. Sanachedwe. Anamanga mapoto ake atsopano n'kumusenzetsa mwamuna wake mpaka pa basi, kuchoka pa basi mpaka pamene anamanga chingwe chotchinga njira ya ku mulu. Pa chingwepo panali Nicasio, mlongo wake wa Doña Ermelinda, atavala chipewa chatsopano.

"Achemwali, dutsani. Moto wayaka kale." Anatsitsa chingwe, n'kuchikwezanso. "Nanga awa?"

"Onyamula mapoto," anatero Doña Ermelinda osacheuka.

Nicasio anamuzungulira mkuluyo pang'onopang'ono, kumuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Pa nsapato anakhalitsapo.

"Alamu, chilolezo muli nacho?"

"Nicasio, wadya kangati patebulo langa iwe?"

"N'chifukwa chake sindikulipiritsani. Koma mapazi anu ali ndi mbiri, alamu. Tulani mapoto apa. Mwala uwo, khalanipo. Chulu chathu muchionera pomwepo."

Anabwera amayi awiri kudzatenga mapoto. Chingwe chinatsika, chinakwera. Don Eleodoro anakhala pamwala, kunja, manja pa maondo. Patali wosewera uja anayamba kukwera mchenga wosalala, phazi ndi phazi, anthu onse ali chete.

M'dziko limene mvula imatha zaka osadontha, mkuluyo ananyowa mpaka m'mafupa. Anathamangira phanga ili mtima uli ku phanga lina, ndipo mtambo unamupeza pakati. Akale sanalankhule ali m'tulo pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.