Kiyi wa Chitsime cha a Mbewe

Pakhomo pa a Ezekiel Mbewe panali chinthu chimene munthu wodutsa panjira sakanalephera kuchiona: chitsime chovundikiridwa ndi chitsulo, loko wamkulu ngati chibakera ali lende pambali pake. Anachikumba okha ndi mkazi wawo Jennipher chaka chimene anasamukira kwa Kalindawalo, m'dera la Petauke, kuchokera ku Katete, mwezi wathunthu akutulutsa dothi ndi ndowa. Madzi ake anali ozizira, osaphwa ngakhale mu Okutobala. Mudzi wonse unkadalira mjigo wa kutsidya kwa dambo, ulendo woti mayi akanyamuka m'mawa ankabwerako dzuwa litakwera.

Tisawanamizire, bamboyu sanabadwe wouma mtima. Kwawo ku Katete anali ndi chitsime china chimene aliyense ankatungapo mwaufulu, koma tsiku limene chinagumuka ndi mvula panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ndi khasu. Chilonda chimenecho anasamuka nacho, n'kudzathira mkwiyo wake pa anthu a ku Petauke amene sanawalakwire kanthu. Chingwe ndi ndowa yotungira zinkagona m'nyumba. Nyumbayo inali ya njerwa zootcha, chitseko chachitsulo chowotcherera ku boma, mawindo otchinga ndi zitsulo, koma denga la udzu, poti malata ankadikira thonje la chaka chamawa. Munthu anayamba ndi kutsekera anzake kunja, za denga n'kuti adzaona m'tsogolo.

Mwana wawo woyamba, mtsikana dzina lake Febby, anali wansangala, wopereka moni ndi kwa munthu wodutsa patali. Tsiku lina, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pakhomopo panaima mayi wina amene ankapita ku chipatala ku Minga wapansi, mwana wodwala ali kumbuyo. Anapempha madzi. Febby anathamangira m'nyumba, natunga mumtsuko, nagwada popereka monga anaphunzirira kutchalitchi. Mayiyo asanabweze kapu, a Mbewe anatulukira kuchokera kumunda.

Sanafunse zambiri. Anathyola kamtengo ka mpanda n'kuyamba kumukwapula mwanayo pabwalo pomwepo, mlendoyo akuona.

“Lelo kapu, mailo ndowa, mkuja mudzi wonse uli pano! Ndani anakuuza kuti madzi ano ni a boma?”

Kulirako kunafika kuseri kwa mpanda kwa a Njovu, eni dera amene anawalandira pobwera. Amai Sarah Njovu anasiya mtedza umene ankasenda n'kubwera chothamanga.

“A Mbewe, ni mwana uyu. Kapu imozi chabe ya manzi?”

“Amai Njovu, uyu ni wanga. Anu mukalele mmene mufunila.”

Febby anamva, ndipo anamvetsa. Moni unatha. Akaona munthu akukhotera pakhomo ankalowa m'nyumba n'kukhoma chitseko. Kusukulu sankagawira mnzake kanthu, iyenso sankapempha. Amake ankangopumira m'mwamba, koma atate ake ankanyadira ndithu, amvekere, “Uyu ndiye mwana wakumva.” Pofika zaka khumi ndi chimodzi anamukhulupirira mpaka kumamumangirira kiyi wa chitsime pakhosi ndi kachingwe, iwo akamachoka.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanatope naye. Amai Njovu ankamulonjera m'mawa uliwonse, ayankhe asayankhe. Akamupeza kuthengo akulimbana ndi mtolo wa nkhuni, ankangofika n'kumutwika. Pobwera kuchigayo ankamuchepetsera katundu mpaka pamphambano, pamenepo n'kumubwezera kuti atate ake asaone. Nthawi zina ankasiya mtedza wokazinga m'kapepala pa chitsa cha pampanda, ndipo pofika madzulo kapepalako kankakhala katasowa. Amuna awo a Fabian ankawaseka kuti akuweta mwana wa eni, iwo n'kungoti, “Mulekeni, ni mwana.”

Tsiku la tsoka linali Lachinayi, mu Okutobala, kukutentha koti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. A Mbewe ndi akazi awo anakwera njinga m'mamawa kupita ku boma ku Petauke kukatenga mbewu ndi feteleza. Febby anatsala ndi mlongo wake Joshua, wa zaka ziwiri. Mawu otsazikira anali a masiku onse: chitsime chisatsegulidwe, ndipo munthu akabwera, kaya ndani, alowe m'nyumba akhome.

Dzuwa lili pamutu, osaka mbewa anayatsa moto kudambo, mphepo n'kuutembenuza. Udzu unali wouma gwa, wofika m'chiuno, ndipo khomo loyamba kuchokera kudamboko linali la a Mbewe. Amai Njovu ndiwo anayamba kuona utsi. Anakuwa, mudzi n'kudzambatuka. Amuna anathyola nthambi zaziwisi, amayi anatola ndowa, onse liwiro kulowera kumene kunali madzi apafupi.

Tsono taganizani zimene Febby anaona. Anthu makumi awiri, amene kwa zaka ziwiri ankauzidwa kuti ndi oti aziwathawa, akuthamangira pakhomo pawo ndi ndowa m'manja, onse akukuwa, “Kiyi! Leta kiyi! Nthambo ili kuti?” Motowo anauona, inde, koma unali udakali kuseri kwa nkhokwe. Chimene ankachidziwa bwino m'thupi mwake ndi kamtengo ka mpanda. Ananyamula Joshua, nalowa m'nyumba, nakoka mpiringidzo wa chitseko chachitsulo chija.

A Fabian anamenya loko wa pachitsime ndi nkhwangwa mpaka mpini unathyoka, lokoyo osatekeseka. Ndipo ngakhale lokoyo akanathyoka, zikanathandiza chiyani, poti chingwe ndi ndowa zinali m'nyumba? Wina anati aimbire foni eni khomo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa nambala ya a Mbewe. Amayi awiri anathamangira kumjigo, aliyense akudziwa kuti pobwerako adzapeza phulusa. Amuna anapuntha moto ndi nthambi mpaka nsidze kuwauka, koma mphepo inanyamula lawi n'kuliponya pa denga la nkhokwe. Chimanga cha chaka chonse chinayamba kuthetheka.

Kuchokera pankhokwe kufika panyumba panali mapazi khumi okha, ndipo mphepo inkaloza komweko. Apa nkhani ya chimanga inatha, aliyense anakumbukira kuti pansi pa denga la udzu lija pali ana awiri.

Amuna anaunjikana pachitseko. Wina ankachimenya ndi mwala, wina ndi chidutswa cha nkhwangwa chija, ena akugwedeza zitsulo za pawindo. “Segula iwe! Uzafela mukati!” Chitsulo chinkalira ngati belu la sukulu, ndipo kulira kulikonse kunkamukankhira mwanayo kutali ndi chitseko. Wosuzumira pawindo anati wamuona akukokera Joshua kunsi kwa bedi. Utsi unali utayamba kale kulowa ndi m'mphepete mwa denga.

“Lekani! Chokamponi monse!” Anali amai Njovu. Mayi wofatsa uja anakankha amuna akuluakulu ngati ana. “Mukumuyofya. Fabian, wauze akhale zii.”

Phokoso linaleka, kunangotsala kulira kwa moto. Mayiyo anagwada pachitseko, nayika pakamwa pafupi ndi mpata wa pansi, nalankhula ndi mawu omwe aja a moni wa m'mawa.

“Febby. Nine, amai Njovu. Nili nekha pano, onse nawapitikisa.”

M'katimo munamveka Joshua akutsokomola.

“Febby, mwana wanga, ukunimvela?”

“Atate anati ndisatsegule.” Mawu a Febby anali aang'ono. “Adzandimenya.”

“Akafuna kumenya munthu lelo, azamenya ine. Nizawauza kuti nine nakukakamiza.”

“Mufuna kiyi.”

“Sinifuna kiyi, sinifuna manzi. Kiyi ni wako, usunge. Wamvela mwamene Joshua akhosomolela? Chusi chamulowa mu chifuwa. Nipase chabe Joshua nimufumye panja, iwe ukafuna ukhomenso.”

Kumbuyo kwa nyumba wina anafuula kuti denga lagwira moto. A Fabian anadumpha kuti abwerere pachitseko, koma akazi awo anawaimitsa ndi dzanja, osatembenuka n'komwe. Misozi inali ikutsika, koma mawu sanasinthe.

“Nili pamene pano, Febby. Siniyenda kulikonse. Ukakhala mukati, na ine nikhala pano pa chiseko.”

Palibe amene angakuuzeni kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Udzu woyaka unayamba kugwera pakhonde, wina n'kugwera pa nsalu ya mayiyo, iwo n'kungoufikisa ndi chikhato. Ndiye kunamveka kukwekwereza kwa mapazi, kenaka mpiringidzo kulira pang'onopang'ono. Chitseko chinatseguka kampata kongokwana mwana, ndipo manja awiri aang'ono anatulutsa Joshua. Amai Njovu analandira mnyamatayo ndi dzanja limodzi, linalo n'kugwira mkono wa Febby, osautayanso mpaka onse atatu anakagwera pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi moto.

Febby anali atafumbata kiyi uja pachifuwa. Palibe anamupemphanso. Anayang'ana denga la kwawo likuyaka, anayang'ana nkhope ya mayi amene anamugwirayo, navula kachingweko yekha n'kuwapatsira m'manja. A Fabian anadziphimba thumba kumutu n'kulowa m'nyumba, natuluka ndi chingwe ndi ndowa. Anthu anandanda mzere kuchokera pachitsime, ena akugwetsa udzu woyaka ndi mitengo. Makoma anapulumuka, ndi theka la denga, ndi katundu wa m'chipinda chimodzi. Nkhokwe, khitchini ndi matumba a mtedza zinapita zonse.

A Mbewe anafika dzuwa litapendeka, thumba la feteleza lili pakaliyala. Utsi anauonera patali, ndipo njinga anaitaya panjira. Amake Febby anathamangira ana, kuwagwiragwira mitu ndi miyendo uku akulira. Bamboyo ataona kuti ana ali moyo anapita pamene panali nkhokwe, naima pa mulu wa makala a chimanga umene unkafukabe. Pabwalo pawo panali anthu amene sanawalolepo kukhala ngakhale pampando, onse akuda ndi mwaye, ena atapsa manja.

A Fabian anawafotokozera zonse mwaulemu, osawonjezera. Pomaliza anati, “Ngati manzi tinayapeza pamene tinafika, a Mbewe, nkhokwe sembe iliko. Manje tiyamike Mulungu kuti ana ali moyo.”

Mawu amenewo analowa ngati mkondo, ndipo munthu wopwetekedwa amafuna pogwetsera ululu wake. A Mbewe anatembenukira kwa Febby, maso ali psu.

“Iwe! Kiyi uli naye pakhosi, chimanga chikupsa, anthu akukupempha, iwe n'kukadzikhomela m'nyumba na mwana? Ukanamupha mlongo wako! Mtima wotele unautenga kuti?”

Anakweza dzanja. Amai Njovu anaimirira kuti alowe pakati monga analonjezera, koma Febby anali atagwada kale, mikono ataphimba kumutu. Mafunso onse aja sanawamve. Iye ankadziwa mlandu umodzi wokha umene munthu amamenyedwera pakhomo pamenepo.

“Atate, ndinakana! Afunseni, ndinakana nthawi yaitali. Anamenya chitseko koma sindinatsegule. Ndatsegula pothela penipeni, Joshua atayamba kutsokomola. Sindidzachitanso, atate.”

Mayi wina anagwira pakamwa. Amake Febby analira mokweza, kulira kwa munthu amene anaona zinthu zikupita kolakwika kwa zaka ziwiri osanena kanthu. Dzanja la a Mbewe linakhala m'mwamba kanthawi, kenaka linatsika lokha. Mwana wawo, amene anangotsala pang'ono kupsa, ankapepesa chifukwa chopulumutsa mlongo wake, ndipo ankayembekeza kuti kukana kwake kuja ndiko kumuchepetsere chilango.

“Febby,” anatero bamboyo ndi mawu osweka, natambasula dzanja lomwelo kuti amudzutse. Mwanayo anadzidzimuka, nakwawira chambuyo, n'kukabisala kumbuyo kwa amai Njovu, atagwira nsalu yawo yopsa ija ndi manja onse awiri.

A Mbewe anakhala pansi paphulusa pomwepo, chipewa ataphimba kumaso, mapewa akugwedezeka. Panalibe amene anawatonza, panalibenso amene anamudzudzula mwanayo. Anthu anangotola ndowa zawo mmodzimmodzi, ndipo aliyense podutsa ankayang'ana bamboyo, osati Febby. Akuluakulu sananame: tsamba likagwa, manyazi amagwira mtengo.