Bondo la Elisha ndi Chikho cha Masipanala

Mayi Clementina amagulitsa nsomba zouma ku Nangongwe m'tauni ya Kafue, pafupi ndi pamene maminibasi amatsitsira anthu. Munthu wokhala pansi pamsika tsiku lonse amadziwa anthu ndi miyendo yawo, chifukwa ndiyo amayamba kuona asanakweze maso. Ndiye tsiku limene mwana wawo Elisha anatsika minibasi chammbali, kutsogoza mwendo wamanzere n'kukokera wamanja pambuyo ngati thumba la makala, iwo anaona pomwepo.

"Iwe, mwendo wachita bwanji?"

"Palibe, amama. Nalema chabe."

"Nyonyomala tione."

Elisha anaseka n'kuyang'ana kumbali. Sananyonyomale.

Mnyamatayu anali m'chaka chomaliza pa koleji ya ntchito zamanja ya kuseri kwa mafakitale, akuphunzira zamagetsi. Mtima wake unali pa ntchito ya nthambo za m'misewu. Mayeso otsiriza anali kudza kumapeto kwa chaka, ndipo sanali a pepala: munthu amavala zitsulo kumapazi, amadzimanga lamba, amakwera polo, mtengo wa magetsi uja, mpaka pamwamba n'kumanga nthambo, aphunzitsi akuyang'ana ali pansi. Ntchito ya maondo imeneyo. Amayi ake ankadziwa zimenezi kuposa iye, poti nsomba zawo ndizo zinamufikitsa pamenepo.

Koma Elisha analinso womwetsa zigoli wa timu ya kolejiyo, imene Kafue yense amaitcha Masipanala. Timuyi ndi yakale. Masiku amene fakitale ya nsalu inkalira usana ndi usiku, Masipanala anatenga chikho cha makoleji, ndipo tauni inatseka mashopu tsiku limenelo. Kuchokera pamenepo kunali zii. Fakitale inatsekedwa, udzu unamera pabwalo, timu inasanduka ya kungotaya nthawi. Chaka chimenechi ndiye zinthu zinatembenuka. Masipanala anagonjetsa a ku Mazabuka, anakagonjetsa a ku Lusaka kwawo komwe, anachititsa manyazi a ku Kabwe. Palibe amene anawagwetsa. Madala amene anasiya kupita kubwalo ana awo asanabadwe anayambanso kunyamula mipando. Elisha akamwetsa, bwalo lonse linkaimba kuti, "Elisha wadula malaiti! Kwada, kwada, kwada!" Makondakitala a maminibasi ankakana ndalama yake.

Kochi wa timuyi anali a Zakeyo, mlongo wawo wa mayi Clementina, malume ake a Elisha. Paunyamata wawo iwo anasewera kumbuyo m'timu ija inatenga chikho. Chaka chotsatira Masipanala anafikanso pa fainolo, kochi wa nthawiyo anasintha goloboyi m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo anagonja. A Zakeyo anausunga mlandu umenewo mumtima ngati khala la m'phulusa. Atapatsidwa timu anaika lamulo limodzi: timu ikapambana, anthu omwewo khumi ndi mmodzi ndiwo ayambenso masewero otsatira, aliyense ndi jezi yake yomweyo, mpaka tsiku limene adzagonje. Kusintha munthu n'kutsegulira tsoka chitseko. Anyamata poyamba ankaseka. Atapambana kangapo motsatizana, kuseka kunatha, ndipo lamulo lija linalimba kuposa la m'tchalitchi.

Bondo linavulala m'mwezi wa Okutobala, nthaka itauma ngati simenti. Mayi Clementina sanadikire kuuzidwa. Anatseka nsomba ndi chitenje n'kumukokera mwanayo ku kiliniki. Namwino wa kumeneko, a Prudence, analigwira bondolo, analikankha uku ndi uku, Elisha akukukuta mano.

"Mtsempha wogwira bondo wang'ambika, koma sunaduke," anatero a Prudence. "Apumule mpaka mvula itakhazikika. Akapumula uzapola, mayeso ake azakwera bwino. Akapitiriza kusewera bola uzaduka, ndipo ukaduka musabwere kuno kuzanifunsa. Mwamva, amake Elisha?"

"Ine namva. Uzani uyu."

Masana a tsiku lomwelo a Zakeyo anafika kunyumba ndi malegeni, mphira zija amadula ku chubu cha njinga zomangira katundu. Anatenthetsa madzi, anathiramo mchere, anamuthowa mphwawoyo, kenaka anamanga bondolo ndi malegeni mpaka mwendo unaima ngati mtengo.

"Imirira. Waona? Ise m'masiku athu tinali kuchita so. Ine n'nasewera fainolo na chala chothyoka."

"Alongo," anatero mayi Clementina, "chala chanu chothyoka chinakupatsani chani? Penshoni?"

"Amake Elisha, za bola simuzidziwa."

"Za bola sinizidziwa. Nidziwa kuti polo sakwera na mwendo umodzi. Muli na anyamata ambiri pa benchi. Uja Daliso wa ku Estates, mumusungira Khirisimasi?"

Daliso anali mnyamata wa chaka choyamba, wothamanga ngati wakuba, amene pa zokonzekera ankamwetsa zigoli tsiku lililonse koma pa masewero enieni ankangotenthetsa benchi. A Zakeyo anapukusa mutu.

"Timu yopambana sasintha. N'naona na maso anga zimene zimachitika."

Elisha yekha anayesako. "Malume, mwina Daliso ayambeko Loweruka lino chabe."

Apa a Zakeyo anatsitsa mawu, n'kuika dzanja paphewa pa mnyamatayo. "Mphwanga, sinikupempha zambiri. Iwe ungoyamba chabe, lamulo lisathyoke. Wezulo ikalira, uthamangeko pang'ono, nikuchotsa. Tauni yonse yadikira zaka zonse izi. Ufuna akambe kuti mwana wa mlongo wanga ndiye anatigwetsa?"

Mawu amenewo anagwira. Mnyamata wa zaka zake, amene dzina lake likuimbidwa m'misewu, safuna kukankhidwa kwambiri.

Loweruka Elisha anayamba. Asanatuluke thukuta anamwetsa chigoli, bwalo linaphulika, ndipo a Zakeyo anaiwala kuyang'ana ku benchi. Loweruka lotsatira zinali chimodzimodzi. Munthu amene wangomwetsa ungamuchotse bwanji? Mkati mwa sabata Elisha ankayenda ngati nkhalamba, bondo litatupa, akukhala pansi pa maphunziro a kukwera polo n'kunamizira malungo. Anzake a kutchalitchi analidzoza mafuta bondolo n'kulilamula kuti lipole. Loweruka likafika malegeni ankamangidwa molimbirapo kuposa kale. Mayi Clementina analankhula mpaka mawu anasasa. Tsiku lina anabisa nsapato za mpira m'dengu la nsomba. A Zakeyo anakabwereka zina. Makasitomala awo omwe anayamba kuwadzudzula. "Amake Elisha, musatilodzere chikho," anatero bambo wina akusankha nsomba. Mayiyo anamulanda nsombayo m'manja n'kumuuza kuti akagule kwina.

Fainolo inaseweredwa ku Kafue konkuno, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana cha kumtsinje. Anthu anakwera m'mitengo ndi pamadenga a maminibasi. Mayi Clementina, amene anali asanapondepo pabwalo la mpira, anapita tsiku limenelo. Anaima kuseri kwa benchi atapinda manja.

Elisha anamwetsa chigoli choyamba chigawo choyamba chisanathe. Pa nthawi yopuma anakhala pa udzu, nkhope itatuwa, bondo litatupa pamwamba ndi pansi pa malegeni ngati dzungu lomangidwa chingwe.

"Malume, nasewera. Lamulo silinathyoke. Manje nichotseni, bondo izungulira mukati."

"Chimodzi sichikwana. Aba anthu azabweza."

"Alongo!" anakuwa mayi Clementina. "Mwana wakamba. Simunamve?"

A Zakeyo sanacheuke. Anagwada, anamasula malegeni, anawakoka ndi mphamvu zonse n'kumanganso. "Kwatsala pang'ono chabe, mphwanga. Mawa uzagona mpaka Januwale."

Chigawo chachiwiri chili pakati, mpira unabwera m'mwamba kuchokera kukona. Elisha analumpha kuposa onse, anaugunda ndi mutu, unalowa. Potera anatera ndi mwendo wamanja. Amene anali pafupi amati kunamveka ngati munthu wathyola nzimbe pabondo. Koma anali ochepa amene anamva, poti bwalo lonse linali kuimba kuti wadula malaiti, ng'oma zikulira, anthu akugwa m'mitengo. Iye anali chigonere pafumbi, akumenya nthaka ndi chikhatho.

Anamunyamula n'kumuika kunja kwa mzere. Daliso analowa. Mpira woyamba umene anaugwira anadutsa nawo anthu awiri n'kumwetsa chigoli chachitatu, ndipo asanamalize masewero anapatsira mnzake chachinayi. Tsoka lija a Zakeyo ankaliopa silinabwere. Mnyamata wotereyu anali pa benchi pomwepo nyengo yonse.

Wezulo yomaliza italira, anthu anawanyamula a Zakeyo pamapewa, chikho chili m'manja, n'kuyamba ulendo wa m'tauni. Maminibasi onse anatsatira, mahutala akulira. Pabwalo panatsala mapepala, mabotolo, mayi Clementina ndi mwana wawo. Amene anawathandiza anali dalaivala wa kagalimoto kobweretsa nsomba kuchokera kumtsinje. Elisha anapita kuchipatala atagona pa masaka onunkha nsomba, mutu uli pamiyendo ya amayi ake, nyimbo ya dzina lake ikumveka kutali.

Mtsempha unali utaduka, ndipo zina za m'kati mwa bondo zinali zitaperesedwa ndi masabata onse aja a malegeni. Madokotala a ku Lusaka anachita zimene akanatha. Mayeso anachitika Elisha ali pabedi. Chaka chotsatira anapita ndi ndodo kukapempha kuti ayesedwe. Anavala zitsulo, anakumbatira polo, anakweza mwendo wamanzere. Wamanja utalandira thupi unagwedera ngati mwendo wa thebulo lakale. Mphunzitsi anamugwira m'chiuno n'kumutsitsa.

Lero Elisha amakhala pa kabenchi pambali pa nsomba za amayi ake. Amakonza maayironi, maketulo ndi machaja a foni, mwendo wamanja atautambasulira m'njira moti odutsa amachita kuulumpha. Manja ake ndi abwino, anthu amamuyamikira. Anzake a m'kalasi akadutsa pagalimoto ya kampani ya magetsi atavala zipewa zawo, amamuimbira hutala, iye amakweza sikuludiraiva. Makondakitala anayambiranso kulandira ndalama yake mvula ya chaka cha fainolo ija isanathe.

A Zakeyo anabwera tsiku lina atanyamula chithunzi cha m'felemu ndi mendulo. Chithunzicho chinajambulidwa tsiku lotsatira fainolo: akuluakulu a koleji pakati, a Zakeyo ndi chikho, anyamata atagwada kutsogolo, Daliso akumwetulira. Elisha mulibe.

"Mphwanga, nakubweretsera. Dzina yako ili mu mbiri ya Kafue. Palibe azaifafaniza."

Elisha analandira menduloyo, anaitembenuza, anaiika m'chitini cha masikuluwu n'kupitiriza ndi ketulo imene anali kukonza.

"Alongo," anatero mayi Clementina osasiya kuthamangitsa ntchentche pa nsomba, "chaka chino mwayamba na ndani kutsogolo?"

"Daliso."

"Oho. Ndiye timu yopambana imasinthika."

A Zakeyo anaima pang'ono, chithunzi chili m'khwapa, kenaka anati ali ndi zokonzekera masana, n'kumapita.

Linali Loweruka. Dzuwa litapendeka, phokoso linayamba kumveka kuchokera kubwalo, mphepo ikulibweretsa mpaka ku Nangongwe. Nyimbo inali yomwe ija, kayimbidwe komweko, ng'oma zomwezo. Dzina lokha ndilo linasintha. "Daliso wadula malaiti! Kwada, kwada, kwada!" Elisha anaimitsa dzanja kamphindi, kenaka anawerama n'kulumikiza waya wake. Amayi ake anamuyang'ana mwendo, monga amayang'anira miyendo ya anthu onse.

Chikho chilipo ndithu, chili mu kabati ya galasi mu ofesi ya koleji, ndipo amachipukuta alendo akamabwera. Anthu a ku Kafue akamakamba za chaka chimenecho amati sichidzabweranso, ndipo sanama. Koma ovina saona chikopa cha ng'oma mmene chikupyapyalira; iwo amangofuna woimba aombe kwambiri, ndipo chikaphulika amakatenga ng'oma ina gule n'kupitirira. Akale sanalakwe pamene anati: ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika.