Chishango cha Gwirize pa Thamanda Louma

Inu amene mumati kwathu kuno madzi sangaundane popanda firiji, khalani pansi mundimve kaye, mukatsutse ndikamaliza. Ine nkhani sinditola pachigayo ayi, Folomu 4 ndinakhoza, ndipo mbiriyi ndi ya mtundu wanga.

Kalekale, nkhondo itabalalitsa midzi ya kuchigwa, makolo athu anathawira kumapiri ozizira motsogozedwa ndi Gwirize. Pagululo panali Namilanzi, mwana wa mlongo wake wa Gwirizeyo, Namilanziyo ndiye anadzabala Mwaiwale, Mwaiwale nabala Nachanza, mayi wa agogo anga. Ulendo wonsewo Namilanzi anali atabereka kumsana mlongo wake Kaphwiti, wolumala miyendo chibadwire.

M'mawa wina wa nyengo yachisanu gululo linafika pa thamanda lalikulu lotseka mpata wa pakati pa mapiri awiri, fumbi la adani likuoneka m'mbuyo. Madziwo anali ataundana, atauma gwa ngati thanthwe. Amuna anapondapo ndi mayendedwe awo otukula mwendo, nagwa chagada mpaka kuwoloka chokwawa, pamene akazi, ozolowera mtsuko pamutu, anangokhwekhwereza mapazi nafika tsidya. Koma Namilanzi, ndi munthu kumsana, ankati akaponda n'kugwa, akadzuka n'kugwanso. Gwirize analamula kuti wolumalayo asiyidwe, poti dzuwa linali kukwera ndipo madzi oumawo anali atayamba kuchita ming'alu.

Namilanzi anagwada monga mwa ulemu, koma mawu ake sanagwade. "Atsibweni, magazi anu omwe muwasiyire afisi? Ndibwerekeni chishangocho. Chikugwirani ntchito yanji, nkhondo mwaithawa kale?"

Gwirize anachiponya pansi. Namilanzi anakhazikapo Kaphwiti, nabwereka ndodo yokhota ya nkhalamba ina, nakankha kamodzi ndi mphamvu zonse. Chishango chinauluka pamadzi oumawo ngati namzeze, Kaphwiti akuseka, akuuza amuna okwawa aja kuti apatuke, wopanda miyendo adutse. Adani pofika anapeza onse atawoloka, thamanda litasungunuka. Woyamba kuponda anamira mpaka m'khosi, onse nabwerera.

Kuyambira pamenepo, chisanu chikafika, adzukulu a Namilanzi ankakankhirana mwala waphwatalala pathamandapo ndi ndodo zokhota. Yunivesite itabwera m'derali inafolera malowo ndi denga, n'kuika mipando mozungulira, ndipo ophunzira amaseweramo masewera omwewo, amene amawatcha hoke ya pa ayezi, mpaka lero. Waya wamagetsi pansi pake palibe, madzi amauma okha nyengo yake ikakwana. Chishango chili pakhoma la kuvuma, chopalika kunsi.

Akuluakulu a pasukulupo atafuna kutcha bwalolo dzina la pulofesa wina wakunja, ndinapita ndekha, ndinaima pamaso pawo osanjenjemera, n'kuwayalira mzere wonse wa amayi anga. Lero pachipata palembedwa Namilanzi. Ine anandipatsa nsalu imodzi ya yunivesite, jekete lochindikala, ndi mpando wakutsogolo umene ngakhale mkazi wa pulofesayo sakhalapo.