Phukusi la Yotamu

Kalekale, mafoni asanalowe m'thumba la munthu aliyense, ku Bilira m'boma la Ntcheu kunali mnyamata wina dzina lake Yotamu. Anali msilikali. Atangotha chaka chimodzi ali pabanja, anamutumiza pamodzi ndi anzake kukasungitsa mtendere ku Congo, m'nkhalango momwe kalata inkatenga mwezi kuti ifike. Anayenera kukhalako chaka chathunthu.

Mwezi wachinayi uli mkati, mayi ake, a Nangozo, anadwala chibayo. Anagona masiku asanu ndi limodzi, ndipo anamwalira. Anawaika. Achibale anameta tsitsi monga mwa mwambo, anasesa pabwalo, nabalalika. Yotamu yekha ndiye sanamve.

Patapita sabata ziwiri, kunabwera a Sajeni Mkwate a m'mudzi woyandikana nawo, amene anali patchuthi kuchokera kumsasa komwe kunali Yotamu. Anapepesa maliro, nakhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Ndibwerera Lachisanu," anatero. "Ngati pali kaphukusi, ndinyamula. Koma pakamwa pangapa musasenzetsepo uthenga. Chimene mukufuna kuti amve chikhale m'phukusimo. Ndipo dziwani kuti ngakhale amve, sangabwere. Nthawi yake sinakwane."

Lachisanu m'mawa anthu atatu anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi chake m'manja.

Malume ake a Yotamu, a Kachiwanda, anaika lumo latsopano, lokulunga m'kansalu kong'amba ku chitenje cha malemu. Chitenjecho anagula ndi Yotamu yemwe atangolowa usilikali, ndipo sakanachisokoneza ndi china.

"Tonse tameta," anatero malumewo. "Ndiye mwana wotuluka m'mimba mwawo aziseka ndi anzake, kumadya ngati palibe chachitika? Akaona izi adziwa. Amete, alire, kenaka anyamule mfuti yake. Si khanda ayi."

"Amalume," anatero Esinta, mlongo wake wa Yotamu, "msilikali ali ndi tsitsi lanji loti amete? Mutu wake uja uli ngati chipanda."

Palibe anaseka, ngakhale Esinta yemweyo.

Iye anaika chitini cha mtedza wokazinga. Mtedzawo anakumba ndi kuswa ndi a Nangozo omwe, nauika padera kuti ndi wa Yotamu. Pamwamba pa chitinicho panali kalata. A Nangozo sankadziwa kulemba. Ankayankhula, Esinta n'kumalemba. Kalata iyi anaiyamba asanadwale, ndipo mawu awo anathera pakuti mbuzi yamawanga ija yaswa ana awiri. Kuyambira pamenepo Esinta anamaliza yekha: kuti kuno tonse tili bwino, kuti mvula yayamba, kuti usaiwale kupemphera. Pansi analemba dzina la mayi ake.

"Iwe Esinta," anatero a Kachiwanda, "wayamba kuika mawu m'kamwa mwa akufa?"

"Ndakhala ndikuwalembera ali moyo. Yatsala miyezi isanu ndi iwiri yokha. Mwezi uliwonse ndizilemba imodzi. Munthu wa misozi m'maso saona mdani, amalume. Maliro amodzi atikwanira."

Felesiya, mkazi wa Yotamu, nayenso anatulutsa zake. Anaika masokosi mapeya atatu, sopo, ndi botolo la mafuta odzola. Izi ndi zimene mwamuna wake anapempha m'kalata yake yomaliza, pakuti mvula ya kumeneko siikata, ndipo mapazi anali atayamba zilonda m'nsapato. Kalata sanalembe.

"Sindimuuza, komanso sindimunamiza," anatero. "Anapempha masokosi."

"Alamu, mwamuna wanuyo mukumudziwa bwinobwino?" anafunsa Esinta. "Phukusi lililonse amayamba wafuna kalata ya amayi. Akaipeza palibe adzadziwa kuti chilipo, ndipo sadzakhala ndi womufunsa. Mukufuna azidya masokosi miyezi isanu ndi iwiri?"

"Akadzabwera, inu mudzakhala kwanu," anayankha Felesiya, maso ali pamphasa. "Amene adzatsekere naye chitseko chimodzi ndine. Adzatulutsa makalata anuwo, adzandifunsa kuti ndinkadziwa kodi. Ndidzati chiyani?"

A Sajeni anafika chikwama chili kumsana. Anaona zinthu zija, anaona nkhope zija, nakhala pa chitsa.

"Inu mwaona zambiri, a Sajeni," anatero a Kachiwanda. "Tithandizeni."

"Ndaona ziwiri," anayankha. "Kunali mnyamata wina wa ku Mulanje amene anamulembera kuti bambo ake amwalira. Sanalire. Ankangokhala. Tsiku lachitatu tili paulendo, tinagona pansi tonse titamva kulira kwa mfuti, iye anangoima chilili. Tinamubweretsa m'bokosi."

Esinta anayang'ana malume ake.

"Kunalinso wina wa ku Dowa. Ameneyo anamubisira. Anabwerera ali bwinobwino, atagulira mayi ake nsalu zitatu ndi nsapato. Anatsika basi akuimba. Anamuonetsa manda atamera kale udzu. Nsalu zija anazisiya pamandapo, anatembenuka, ndipo mpaka lero abale ake sadziwa kumene ali."

Esinta anayang'ana pansi.

"Nanga amene sanamuuze kanthu, chabwino kapena choipa?" anafunsa Felesiya.

"Ameneyo sindinamuonepo, mayi. Mwina woyamba adzakhala wanuyu."

Kumsewu minibasi inaliza hutala. A Sajeni anatsegula thumba lapulasitiki, naikamo mtedza, masokosi, sopo ndi mafuta. Izo sizinali ndi mlandu. Pamphasa panatsala lumo ndi kalata. Ziwirizi sizikanayenda limodzi, ndipo Felesiya anali atagwira kale chingwe kuti amange thumbalo momwe linalili.

A Kachiwanda sanachotse chala pa lumo. Esinta sanachotse chala pa kalata. Hutala inaliranso, kotalika.

Onse atatu ankamukonda Yotamu, ndipo onse ankafuna kuti abwerere, ndi kuti akabwerera akhalebe wawo. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mukanakhala kuti phukusilo mukumanga ndinu, mukanaikamo lumo la malume, kalata ya mlongo, kapena mukanalimanga lopanda mawu monga anafunira mkazi wake?